Ulendo wa ku Dedza: Phiri, Mapanga ndi Chisanu Chake

Anthu a kunyanjafe tinazolowera kulandira alendo. Tchuthi chikangofika timaona magalimoto akutsika kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, odzaza ndi anthu ofuna kudzasamba m'nyanja, kudya chambo ndi kujambulitsa pamchenga. Ife timawagulitsa nsomba, timawalozera njira, kwinaku tikudabwa chamumtima kuti madzi omwewa, amene timachapiramo zovala tsiku ndi tsiku, munthu angawayendere mtunda wonsewo. Koma n'kamodzikamodzi pamene ifeyo timaganiza zobweza ulendo. Mapiri aja amene dzuwa limabisalako madzulo timangowaona ngati khoma la kumapeto kwa dziko, osadzifunsa kuti pamwamba pake pali chiyani.

Mwana wanga wamkazi, amene ali Fomu 2, ndiye anayambitsa nkhaniyi. Anaphunzira kusukulu za zojambula zakale za pamiyala ya ku Chongoni, ndipo atandifunsa ngati ndinazionapo ndinasowa poyankhira. Ku Dedza ndinadutsako kangapo pa basi, koma chimene ndinkachidziwa ndi mbatatesi yogula pawindo basi. Choncho sukulu zitatsekera kumapeto kwa July tinanyamuka anthu anayi: ine, mayi a kunyumba, mtsikanayo ndi mlongo wake wa Sitandade 6.

Mlamu wanga amene amapita ndi usipa kumisika ya kumtundako anatichenjeza kuti titenge majuzi okhuthala ndi bulangeti aliyense lakelake. Ine ndinaseka. Ndinati kuzizira kwa mwera timakudziwa, tinabadwira momwemo. Mudzamva m'munsimu mmene kunyozera kwangako kunandithera.

KUKWERA KHWEKHWERERE

Wochokera ku Mangochi kapena ku Monkey Bay amadzera msewu wotulukira pa Golomoti. Wochokera ku Salima ndi ku Nkhotakota amatsata msewu wa M5, kudutsa pa Mtakataka, n'kufika pa Golomoti pomwepo. Kuchokera apo msewu umayamba kukwera chitunda chotchuka chija cha Khwekhwerere mpaka kukakumana ndi msewu waukulu wa M1 pa Masasa.

Mtunda wake si wautali, koma dziko limasintha munthu ukupenya. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja zamchere, pamene tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Ndiye kuti munthu umakwera kupitirira kilomita yathunthu kulunjika kumwamba. Malambe amatsalira m'munsi. Pakati pa chitunda pamabwera miombo ndi masuku, ndipo ukafika pamwamba umalandiridwa ndi minda ya kabichi ndi mitengo ya mapichesi. Makutu amatseka, galimoto imabuula m'makona, ndipo ukacheuka umaona chigwa chonse cha Bwanje chitayalika, nyanja ikung'anima cha kutali ngati lata latsopano. Mayi a kunyumba sanacheukeko ndi kamodzi komwe. Anangogwira mpando wakutsogolo ndi manja awiri mpaka pa Masasa.

M'mbali mwa msewu umenewu muli amisiri osema timagalimoto, njinga, mathirakitala ndi ndege zamatabwa, zokhala ndi mateyala oyenda ndi zitseko zotseguka. Mnyamata wanga anakakamira thirakitala, ndipo tinagula titanenerera ndithu.

Kuyambira pa Masasa dziko la Mozambique lili pafupi kwambiri. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo ena amene msewu wa M1 ndiwo malire enieni, moti wogulitsa tomato tsidya ili ndi wogula wa tsidya ilo amakhala ali m'maiko awiri, koma akulankhula chinenero chimodzi. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, midzi ya kuno inasunga anthu othawa kwawo ankhaninkhani. Akuluakulu a kuno amaikumbukira bwino nthawi imeneyo.

TAWUNI YA M'TSINDE MWA PHIRI

Dedza ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kumwera kwa Lilongwe, ndipo mwa maboma onse a m'Malawi ndiye ali pamalo okwera kwambiri. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 30,000 m'tawuniyi. Msewu wa M1 umailambalala, n'chifukwa chake ambiri a ife timangoidutsa osaiona. Ukapatuka n'kulowa m'kati umapeza tawuni yofatsa, yotsamira phiri, anthu ake atavala zipewa zoluka ndi majekete dzuwa lili paliwombo.

Msika wake ungamuchititse manyazi munthu wa kunyanja. Mbatatesi, imene eni ake amati kachewere, imaunjikidwa milumilu. Kabichi wake wina ndi wamkulu kuposa mutu wa munthu. Nyemba, anyezi, nsawawa ndi karoti n'zosayamba. Koma nafenso tinapezapo potukulira mapewa, chifukwa pamzere wa nsomba tinaona usipa wathu womwe uja ukugulitsidwa timilu ting'onoting'ono pa mtengo woti kwathu anthu angakuseke. Mzikiti ulipo m'tawuni, ndipo za nyama yozinga bwino tinangofunsa kwa abale amene tinakumana nawo kumeneko, iwo n'kutilozera kogula.

Usiku woyamba ndi umene unandiphunzitsa ulemu. Akatswiri amati munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, koma nambala imeneyi siifotokoza mmene madzi a pampopi amalumira zala m'bandakucha, munthu ukufuna kutawaza. Ndinagona nditavala malaya awiri, chitenje cha mayi a kunyumba ndili nacho m'khosi, ana akuseka m'mabulangeti awo. Kutacha chinthu choyamba chimene ndinagula ndi juzi ya pakaunjika. Kwa mlamu wanga ndinapepesa titabwerera.

Mayi a kunyumba nawonso anali ndi dandaulo lawo: nyemba zinkachedwa kupsa. Iwo ankaganiza kuti anawagulitsa zakale, koma chifukwa chake n'china. Pamalo okwera chotere madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100, choncho mphika umafuna nthawi ndi nkhuni zochulukirapo.

Chakumpoto pang'ono kwa tawuni kuli malo oumba mbiya a Dedza Pottery, amene anatsegulidwa mu 1987. Kumeneko munthu umaona dongo likusanduka kapu pa gudumu lozungulira, kenaka likulembedwa maluwa ndi nyama, lisanalowe mu uvuni. A ku Nkhotakota ntchito imeneyi si yachilendo kwa inu, pakuti nthambi yake inadzakhazikitsidwa kwanuko m'mphepete mwa nyanja. Msewu womwewo umapitirira mpaka pa sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, yotsegulidwa mu 1951, imene anthu amangoitchula kuti Box 48. Mmodzi mwa amene anaphunzira pamenepo ndi malemu Bingu wa Mutharika. Ndinamuuza mnyamata wanga zimenezi ndi cholinga choti alimbikire sukulu, koma iye maso anali pa thirakitala lake.

PAMWAMBA PA PHIRI LA DEDZA

Phirili ndi lalitali mamita 2,198, ndipo njira yake imayambira m'tawuni momwemo. Si phiri lofuna zingwe kapena nsapato zapadera. Pali msewu wafumbi wokhotakhota umene umakafika pa nsanja za mawailesi ndi mafoni, ndipo banja loyenda modekha, lopumira ana, lingafike kumeneko m'maora awiri kapena atatu. Nsonga yeniyeni ili patsogolo pake, kutsata msana wa phiri. Chofunika ndi kulawirira, kutenga madzi akumwa, ndi kupeza munthu wa komweko wokuperekezani, chifukwa nkhungu ya kuno imagwa mosalonjera ndipo tinjira ta otola nkhuni n'tambiri. Safunsa anadya phula.

Chimene chimavuta munthu wa kunyanja ndi mpweya. Ine amene ndimapalasa bwato osapuma ndinapezeka ndikupuma wefuwefu, pamene amayi ena osenza mitolo ya nkhuni ankatidutsa akucheza ngati ali pabwalo. Anatipatsa moni mwaulemu, koma ndikhulupirira anakaseka atapota pakona.

Kumwamba kuli timagawo ta nkhalango yachilengedwe, ya mitengo yosayoyoka masamba, ya ndere zolendewera m'nthambi, mmene mumalira mbalame zimene kunyanja sitizimva. Anyani tinawaona ali pathanthwe akuothera dzuwa. Kukakhala kopanda nkhungu munthu umaona phiri la Chongoni kumpoto, la Domwe ku Mozambique, ndi kum'mawa kamzere kobiriwira ka nyanja. Ana anakanganirana kuti kwathu ndi pati, aliyense akuloza kwake.

Koma si zonse zimene tinaona zinali zokondweretsa. Mbali zambiri za phirili, zimene kale zinali nkhalango ya paini wobzalidwa ndi boma, tinazipeza zili zitsa, zina zitapsa ndi moto wolusa. Wotiperekeza anati ali mwana dzuwa silinkafika pansi m'njira imene tinkayendayo. Wina anganene kuti zimenezo n'za anthu a ku Dedza, ife a kunyanja sizitikhudza. Ayi ndithu. Mvula yogwa m'mapiri a kuno imatsikira kwathu. Mtsinje wa Linthipe umatenga madzi a m'dera lino n'kukawathira m'nyanja ku Salima, ndipo aliyense amene anauona m'dzinja amadziwa mtundu wa madzi ake: ofiira ngati phala la mawere, olowa m'nyanja mtunda wautali asanasungunuke. Limenelo ndi dothi la m'minda ndi m'mapiri opanda mitengo. Mpasa ndi sanjika zimakwera m'mitsinje kukaswana pa miyala yoyera, ndipo miyalayo ikakwiririka ndi matope mazira amafa. Thumba la makala limene timagula mosafunsa kumene lachokera tingalilipire kawiri, kachiwiriko ndi ukonde wobwera wopanda kanthu.

ZOJAMBULA ZA KU CHONGONI

Tsiku lachitatu ndilo linali la chimene tinabwerera. Dera la Chongoni lili kumpoto kwa tawuni, kupitirira sukulu ya sekondale ija, kufupi ndi koleji ya zankhalango. M'dera la makilomita 126 m'litali ndi m'lifupi mophatikiza muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale, ndipo m'chigawo chonse chapakati cha Africa mulibenso pena pamene zinaunjikana chotere. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear inali italowa kale pa mndandandawo mu 1984, ndipo phiri la Mulanje linatsatira mu 2025. Malo amene alendo amapitako kawirikawiri ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Ife tinasankha Chentcherere popeza ndi pafupi ndipo chitunda chake ana angachithe.

Ndivomere kuti nditangofika ndinakhumudwa pang'ono. Ndinkayembekeza phanga lakuya lamdima. Chimene ndinapeza ndi chithanthwe chachikulu chowerama ngati khonde, pansi pake pouma, poti anthu makumi angapo angabisalepo mvula. Zojambulazo poyamba zimaoneka ngati mathothomathotho chabe. Koma ukaima n'kudekha, maso amayamba kulekanitsa, ndipo umazindikira kuti pali mitundu iwiri, wina pamwamba pa unzake.

Zapansi ndi zofiira, ndipo ndizo zakale kwambiri. Zambiri si zithunzi za nyama kapena anthu ayi, koma mizere, timadontho, zozungulira zokhala ndi cheza ngati dzuwa, ndi zina zonga makwerero. Utoto wake unkachokera ku miyala yofiira yoperedwa. Eni ake anali Akafula, amene ena amati Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene anali m'dziko muno alimi ndi osula zitsulo asanafike. Ndi omwe aja agogo athu ankawatchula m'nthano kuti Amwandionerapati, anthu aafupi amene ukakumana nawo unkayenera kunena kuti wawaonera patali, kuopa kuwakwiyitsa.

Mu 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba pansi pa thanthwe lotchedwa Mwana wa Chentcherere ndipo anapeza zida zamiyala, mafupa a nyama zimene anthuwo ankadya, ndiponso mafupa a anthu. Patapita zaka zambiri, mu 2017, akatswiri ena anafalitsa zimene anapeza atapima mafupa a anthu a ku Chentcherere ndi a malo ena a ku Malawi kuno. A ku Chentcherere anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Chinanso chimene anapeza n'chakuti magazi a anthu akalewo sakupezeka kwenikweni mwa Amalawi amene anawapima. Mtundu wonse unazimirira, n'kungotisiyira dzina la m'nthano ndi mizere yofiira pathanthwe. Mtsikana wanga atamva zimenezi anakhala chete kwa nthawi ndithu.

Zoyera ndi za Achewa, ndipo anazijambula ndi zala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zambiri ndi nyama zooneka ngati waziyang'ana kuchokera pamwamba zitatambasula miyendo: zonga abuluzi, ng'ona, afulu ndi anamzikambe, pamodzi ndi njoka. Zimenezi ankajambula ndi amayi pophunzitsa atsikana m'chinamwali. Mtsikana wanga anafunsa wotiperekeza kuti, "Achimwene, nanga chinyama ichi chikutanthauza chiyani?" Iye anamwetulira n'kunena kuti zimenezo eni ake ndi anamkungwi, mwamuna sazilowerera. Mayi a kunyumba anagwedeza mutu movomereza. Kwathunso za kunsondo sizikambidwa pabwalo, ndipo za kujando sauza amayi. Yankho limenelo linandikhutiritsa kuposa mmene kufotokoza kukanachitira, chifukwa linasonyeza kuti zojambulazi zili ndi eni ake amoyo, si za anthu akufa okhaokha.

Pali mtundu winanso wa zoyera, wojambulidwa ndi amuna, woonetsa zilombo za Nyau monga kasiyamaliro. Zimenezi zimaoneka bwino ku Namzeze, ndipo zina ndi za m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Chifukwa chake chili m'mbiri yowawa ya dera lino. Cha m'ma 1870 Angoni a Maseko anakhazikika ku Domwe n'kuyamba kuthira nkhondo midzi yozungulira, ndipo Achewa ambiri anathawira m'mapiri ndi m'mapanga omwewa. Angoni sankafuna Nyau, amishoni atabwera nawonso analimbana nazo, choncho zimene sakanatha kuvina poyera ankaziphunzitsa mobisa pamiyala.

Pamenepa tisadzipatule ngati kuti mbiriyi ndi ya ena. M'zaka zomwezo anthu a m'mapiri muno ankathawanso ogwira akapolo, ndipo misika imene akapolowo ankathera inali kunyanja kwathu: kwa Mponda, kwa Makanjira ndi kwa Jumbe ku Nkhotakota. Mafumu ena a Chiyao anakwera n'kukhazikika m'boma lomwe lino la Dedza, monga Tambala, amene ufumu wake ulipo mpaka lero. Ndinaona kuti n'koyenera kuwauza ana anga zimenezi titaima pamalo pomwe anthu ankabisala, kusiyana n'kuti adzazimve kwa ena mokhotetsa.

Tsono pamwamba pa zofiira ndi zoyera pali mtundu wachitatu, umene ndi wa ife a masiku ano: maina a anthu olembedwa ndi makala ndi choko, ena ochita kugoba ndi msomali, limodzi ndi zaka zimene anabwera. Penanso pali mwaye wa moto umene abusa a ng'ombe ndi osaka mbewa amasonkha pansi pa thanthwe. Ndili m'kati modandaula za zimenezi, ndinacheuka n'kuona mwana wanga yemwe, khala lili m'manja, akusankha malo osalala.

"Iwe! Ukufuna kutani?"

"Ababa, ndimafuna ndilembe dzina langa. Enawa alemba."

Ndinakwiya, koma wotiperekeza ananditsogolera kulankhula. Anagwada kuti alingane naye msinkhu, n'kumuonetsa pamene munthu wina anayesa kufufuta dzina ndi madzi: makala anachoka, koma pamodzi ndi utoto wofiira umene unali pansi pake. Anamuuza kuti chojambulacho chinapirira mvula ndi dzuwa kuyambira agogo a agogo ake asanabadwe, koma chinatha tsiku limodzi chifukwa cha dzina la munthu mmodzi. Anawonjeza kuti ngakhale kuzigwira ndi dzanja n'koletsedwa, pakuti thukuta ndi mafuta a m'manja zimadya utoto, ndiponso kuti malowa ndi otetezedwa ndi lamulo la boma. Mnyamatayo anataya khala lija kutchire. Manja anawapukutira pa juzi yanga yatsopano ija.

POBWERERA

Potsika tinapatukira ku Mua, kufupi ndi Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto. Mishoni ya Akatolika ya pamenepo inayamba mu 1902, ndipo mu 1976 wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, anayambitsapo malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni. Nyumba yake yosungira zakale, ya Chamare, ili ndi zipinda zofotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao, komanso zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Chipinda cha zigobacho mayi a kunyumba anakana kulowamo, ndipo palibe anawakakamiza. Koma pa mbali ya Ayao anaima nthawi yaitali, akuwerenga za maulendo a makolo athu opita kugombe la nyanja yamchere ndi za mmene Chisilamu chinafikira kuno, akuwongolera ana katchulidwe ka mawu ena.

Amene mungafune kupitako, nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka kumayambiriro kwa August. Mukachedwa kufika September ndi October utsi wa moto wa m'tchire umaphimba chilichonse, ndipo nyanja simungaione muli paphiri. M'dzinja namo tinjira timaterera ndipo misewu yafumbi ya ku Chongoni imavuta. Masiku atatu ndi okwanira. Ndalama yothokozera wokuperekezani muikonzeretu padera.

Tinafika pa Golomoti cha m'ma 2 koloko masana, thumba la kachewere lili pamiyendo, kutentha kwa kwathu kutatichingamira kale. Majuzi onse analowa m'chikwama, ndipo mayi a kunyumba anayamba kuwerengera anansi oti agawiridwe mbatatesi, n'kupeza kuti thumba limodzi lachepa.